Chuku chikamera m'nyumba, mlandu n'ngwa yani?

M'mwezi wa June 2001, khoti la mumzinda wa Austin, m'chigawo cha Texas ku America, linamva chigamulo chomwe chinagwedeza makampani a inshulansi m'dziko lonselo. Gulu la nzika wamba zogamula mlandu, lija amati jury, linalamula kampani ya Fire Insurance Exchange, nthambi ya gulu la Farmers, kuti ilipire mayi Melinda Ballard madola 32 miliyoni. Nyumba ya mayiwa sinapse ndi moto, mphepo sinasasulenso denga. Inadyedwa ndi chuku.

Inali nyumba ya zipinda 22 ku Dripping Springs, kunja pang'ono kwa Austin. Mu 1998 paipi ya m'bafa inayamba kudontha. Pulambala anabwera n'kukonza, koma madzi anali atalowerera kale kunsi kwa matabwa oyala pansi, ndipo patapita miyezi matabwawo anayamba kufufuma ndi kupindika. Mu December chaka chomwecho a Ballard anakauza kampani yawo ya inshulansi. Mmisiri amene anaona matabwawo anachenjeza kuti achotsedwe msanga chuku chisanamere, koma miyezi inatha kampani ikufufuzabe, ikutumiza anthu odzayeza, ikukangana ndi mwini nyumba za mtengo wokonzera. Pofika April 1999 akatswiri oyeza mpweya anapezamo chuku chakuda chotchedwa Stachybotrys chartarum. Banjalo linatuluka m'nyumbamo n'kusiya katundu ali momwemo.

Nkhaniyi inamveka pa TV ndi m'manyuzipepala ku America konse, ndipo mawu oti chuku cha poizoni anakhala pakamwa pa aliyense. Mu 2002 Ed McMahon, munthu wotchuka wa pa TV ku Los Angeles, anasumira kampani yake ya inshulansi ndi amisiri amene anakonza nyumba yake paipi itaphulika, ndipo mlanduwo unathera kunja kwa khoti ndi ndalama zoposa madola 7 miliyoni. Eni nyumba ambiri anakhulupirira kuti banga lakuda pakhoma ndi chuma chobisika.

Anthu amakumbukira 32 miliyoni ija, koma zomwe zinachitika mkati mwa mlanduwo n'zomwe mwini nyumba aliyense ayenera kudziwa. Amuna a mayi Ballard, a Ron Allison, ankanena kuti chuku chinawawononga ubongo mpaka kulephera ntchito. Woweruza John Dietz anakana kuti madokotala awo apereke umboni wotero, ponena kuti sayansi yake inali isanakhwime, ndipo dandaulo la matendalo linafera pomwepo. Kenako mu December 2002 khoti la apilo linachotsa madola 12 miliyoni a chilango, 5 miliyoni a kusautsidwa mumtima ndi ndalama zina, n'kusiya pafupifupi madola 4 miliyoni a nyumba ndi katundu, kuwonjezerapo chiwongoladzanja. Ndalama zotsalazo zinakhalapo chifukwa khoti linavomereza kuti kampaniyo sinachite mokhulupirika ndi mwachilungamo posamalira dandaulo la kasitomala wake.

Choncho mlandu wotchuka kwambiri wa chuku padziko lonse unapambanidwa ndi makalata, madeti ndi umboni wa kuzengereza kwa kampani. Mpaka lero ndi mmene zilili. Loya wodziwa ntchito yake akamva za chuku safunsa kaye dzina la chukucho. Amafunsa kumene madzi anachokera, tsiku limene anayamba kulowa, amene anadziwa, ndi chimene wodziwayo anachita.

Chifukwa chake makhoti amakayikira za matenda

Ife kuno ku Malawi chuku timachidziwa bwino pa mtedza ndi chimanga chosauma. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene munthu akamadya nthawi yaitali amawononga chiwindi, ndipo pa zimenezi asayansi sakanganapo. Vuto limabwera pamene poizoniyo sakudyedwa koma akunenedwa kuti wapumidwa ndi mpweya wa m'chipinda.

Mantha a chuku chakuda anayambira ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio, mu 1993 ndi 1994, pamene makanda angapo anayamba kutaya magazi m'mapapo. Ofufuza a bungwe la boma loona za matenda la CDC poyamba anati mwina gwero lake ndi Stachybotrys ya m'nyumba zomwe zinalowa madzi. Mu 2000 bungwe lomwelo linaunikanso kafukufukuyo n'kunena kuti kugwirizana kwa ziwirizi sikunatsimikizike. Mu 2004 bungwe la Institute of Medicine linapeza umboni wokwanira wakuti nyumba zachinyezi ndi zachuku zimayenderana ndi kutsokomola, kulira kwa m'chifuwa, kutsekeka kwa mphuno ndi kukula kwa mphumu mwa amene ali nayo kale, koma silinapeze umboni wokwanira pa matenda a ubongo kapena khansa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake mu 2009, nalonso likuchenjeza kwambiri za matenda a m'chifuwa.

Kuyambira pa chigamulo cha Daubert cha 1993, oweruza ambiri ku America amasefa kaye umboni wa akatswiri usanafike kwa jury. Wodandaula amayenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti chuku choterocho chingathedi kuyambitsa nthenda yoteroyo, ndiponso kuti chinayambitsadi nthenda yake iyeyo. Mu 2014 khoti lalikulu la chigawo cha New York linataya mlandu wa Cornell, wa mayi wina wochita lendi ku Manhattan, ponena kuti kuyenderana kwa chinyezi ndi matenda sikokwanira kutsimikizira kuti chinyezi ndicho chinamudwalitsa. Kuwonjezera apo, boma la America lilibe mlingo wovomerezeka wa kuchuluka kwa tinjere ta chuku mumpweya umene munganene kuti wapitirira. Pepala la ku labotale lokhala ndi manambala ambiri limatha kuopseza mwini nyumba, koma lokha silipambanitsa mlandu.

Ine zimandiwawa kuti lamulo limawerengera mtengo wa khoma mosavuta kuposa mtengo wa mapapo a mwana. Komabe munthu wofuna chipukuta misozi ayenera kuyenda njira imene ilipo. Wodwala mphumu amene ali ndi mabuku akuchipatala oonetsa mmene ankakhalira asanalowe m'nyumbamo ndi mmene anasinthira atalowa ali ndi poyambira. Wongonena za kuiwalaiwala ndi kutopa adzavutika kwambiri.

Khomo la inshulansi linachepa

Madandaulo a chuku atachuluka ku Texas, makampani anabweza moto. Mu 2002 Farmers inalengeza kuti isiya inshulansi ya nyumba m'chigawocho, ndipo inasintha maganizo itagwirizana ndi boma la Texas, lomwe linali litaisumira pa nkhani ya mitengo. Nthambi yoyang'anira inshulansi inalola migwirizano yatsopano yochotsa chuku pa zinthu zolipiridwa, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira. Masiku ano migwirizano yambiri ku America imakana chuku kotheratu kapena imaika malire, kawirikawiri madola 5,000 kapena 10,000, pokhapokha mwini nyumba atawonjezera ndalama kuti malirewo akwere.

Makhoti nawonso anatsekako. Mu 2006 khoti lalikulu la Texas linaweruza mlandu wa banja la Fiess, lomwe linapeza chuku m'makoma nyumba yawo itasefukira ndi mvula ya namondwe Allison mu 2001. Banjalo linati mbali ina ya chukucho inabwera ndi kudontha kwa denga, mazenera ndi mapaipi, kotero kampani ya State Farm Lloyds iyenera kulipira. Khoti linati mgwirizano unanena momveka kuti chuku sichilipiridwa, ndipo silingasinthe mawu omveka. Mu 2010, pa mlandu wa Page, khoti lomwelo linati pansi pa mgwirizano wa mtundu womwewo chuku chobwera ndi paipi yodontha chimalipiridwa chikawononga katundu wa m'nyumba, monga mipando ndi zovala, koma osati chikawononga nyumba yeniyeniyo. Madzi amodzi omwewo, paipi imodzi yomweyo, koma sofa n'kulipiridwa khoma n'kutsala.

Ngakhale zili choncho, inshulansi ndi khomo loyamba kugogoda, ndipo chinsinsi chake chili pa kusiyana kwa ngozi yadzidzidzi ndi kuwonongeka kwapang'onopang'ono. Paipi ikaphulika usiku, giza ikang'ambika, mtengo ukagwera denga mvula n'kulowa, imeneyo ndi ngozi, ndipo ntchito yochotsa zonyowa ndi kuumitsa nyumba nthawi zambiri imalipiridwa. Madzi akakhala akudontha kuseri kwa sinki kwa chaka chathunthu, kampani imati kumeneko n'kusasamala kwa mwini nyumba. Madzi osefukira kuchokera panja ali ndi inshulansi yakeyake, imene ku America ambiri amagula ku ndondomeko ya boma ya National Flood Insurance Program yomwe inayamba mu 1968. Nayonso silipira chuku chimene mwini nyumba akanatha kuchipewa madzi ataphwa, ndipo imafuna chikalata cholumbirira cha zowonongeka pasanathe masiku 60, pokhapokha boma litatalikitsa nthawiyo.

N'chifukwa chake masiku awiri oyamba ndi amtengo wapatali. Bungwe la ku America loona za chilengedwe la EPA limalangiza kuti zinthu zonyowa ziume pasanathe maola 24 mpaka 48, popeza kupitirira pamenepo chuku chimayamba kumera, makamaka pa mabolodi okutidwa ndi pepala amene Amereka amamangira makoma a mkati. Mwini nyumba amakhala ndi maudindo awiri amene amaoneka ngati akulimbana: kuletsa kuti kuwonongeka kusapitirire, ndi kusunga umboni. Njira yake n'kujambula zithunzi ndi mavidiyo asanakhudze kanthu, kutseka madzi, kuuza kampani polemba tsiku lomwelo, kusunga chidutswa cha paipi yophulikayo ndi cha bolodi lowolalo, ndi kusunga lisiti lililonse, ngakhale la fani yobwereka. Zokambirana za pafoni zitsatiridwe ndi kalata kapena imelo yobwereza zomwe zanenedwa. Ambiri amataya mlandu pothamangira kutsuka ndi jiki n'kupaka penti, woyeza wa kampani n'kudzapeza khoma loyera.

Kampani ikakana, iyenera kufunsidwa kuti ilembe chifukwa chake ndi ndime ya mgwirizano imene yaimapo. Kukangana kukakhala pa mtengo wokha, migwirizano yambiri ili ndi ndime yolola mbali iliyonse kusankha woyeza wake, ndipo awiriwo akasiyana wachitatu amadula. Pamwamba pa izo pali nthambi ya boma yoyang'anira inshulansi, ndipo pomaliza pali mlandu wa kusakhulupirika, womwe uja a Ballard anapambanira: kuzengereza popanda chifukwa, kufufuza kwachiphamaso, kukana pamene zikuonekeratu kuti kampani iyenera kulipira. A kwathu amene ali ndi nyumba ku Britain ali ndi ofesi ya Financial Ombudsman Service, ndipo ku South Africa kuli National Financial Ombud Scheme, imene mu 2024 inatenga ntchito ya ofesi yakale yomva madandaulo a inshulansi ya katundu. Kudandaula ku maofesi awiriwa n'kwaulere.

Wogulitsa amene anapaka penti

Mlandu umene ine ndimauona kuti ndi wa chilungamo choonekeratu ndi wa wogula amene ananamizidwa. Nyumba yopakidwa penti dzulo, yonunkhira bwino, mazenera onse otsekula pa tsiku lodzaiona, imakhala chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mvula yoyamba ikagwa, mabanga amatulukira m'makona ndi kuseri kwa makabati.

Kale lamulo linkati wogula adzionere yekha. Ku Florida mfundoyi inagwa mu 1985 pa mlandu wa Johnson ndi Davis. Banja la Davis linagwirizana zogula nyumba ya madola 310,000, ndipo litaona pulasitala akusupuka pafupi ndi zenera linauzidwa kuti linali vuto laling'ono lomwe linakonzedwa kalekale. Litapereka chikole cha madola 31,000, kunagwa chimvula, madzi n'kumathira kuchokera m'mafelemu a mazenera, musiling'i ndi m'magetsi. Khoti lalikulu la chigawocho linati wogulitsa nyumba akadziwa chinthu chimene chikutsitsa kwambiri mtengo wake, chomwe wogula sangachione mosavuta, ayenera kuulula. Chikole chinabwezedwa. Lero zigawo zambiri za America zili ndi fomu imene wogulitsa amasainira, yofunsa za kudontha kwa denga, kusefukira kwa madzi ndi zokonzedwa kale. Ku Texas, pansi pa lamulo lomwe linabwera mu 2003 chipwirikiti chija chitachitika, kontilakitala wokonza malo achuku okwana masikweya fiti 25 kapena kuposa amayenera kukhala ndi layisensi, woyeza ndi wokonza sayenera kukhala munthu mmodzi pa ntchito imodzi, ndipo ntchito ikatha pamatuluka satifiketi. Wogulitsa nyumba amayenera kupereka kwa wogula masatifiketi otere a zaka zisanu zapitazo.

Chovuta pa milandu imeneyi n'kutsimikizira kuti wogulitsa ankadziwa. Umboni wake umapezeka mwa anthu oyandikana nawo amene ankaona mabeseni pabalaza nthawi ya mvula, mwa pulambala kapena wokhoma denga amene anaitanidwapo, m'madandaulo akale a ku inshulansi, ndi mu penti yatsopano yopakidwa pakhoma limodzi lokha. Ejenti wogulitsa nyumba naye amalowa m'mlandu ngati anadziwa n'kukhala chete. Woyendera nyumba amene wogula anamulemba ntchito angathe kusumiridwa akaphonya zoonekeratu, ngakhale kuti ambiri amalemba mu mgwirizano kuti sangabweze zoposa ndalama imene analandira.

Amalawi ambiri agula nyumba ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo kumeneko pafupifupi mgwirizano uliwonse wa pakati pa anthu wamba uli ndi mawu oti voetstoots, otanthauza kuti nyumba ikugulidwa mmene ilili. Mawuwa amateteza wogulitsa pa zilema zobisika zimene sankazidziwa, koma sateteza wobisa dala. Mu 2013 khoti lalikulu la apilo la dzikolo linaweruza mlandu wa Banda ndi Van der Spuy, wa nyumba ya denga laudzu lodontha. Ogulitsa anali atakonzako dengalo, koma khoti linapeza kuti analibe chikhulupiriro choona chakuti vutolo latha, ndipo anasocheretsa ogula pa nkhani ya chitsimikizo cha mmisiri. Voetstoots sinawapulumutse, analamulidwa kulipira zokonzera. Kuyambira February 2022, lamulo la Property Practitioners Act limati ejenti asalandire ntchito yogulitsa kapena kubwereketsa nyumba popanda fomu yosainidwa youlula zilema. Nthawi yosumira kumeneko ndi zaka zitatu kuchokera pamene wogula anadziwa, kapena pamene akanayenera kudziwa. Ku England mfundo yakuti wogula adzionere yekha idakali ndi mphamvu, koma wogulitsa akanama poyankha mafunso a pa fomu youlula za nyumba ya TA6 angathe kusumiridwa pansi pa lamulo la Misrepresentation Act la 1967.

Mmisiri ndi wotchi

Nyumba yatsopano ikachita chuku, maso amaloza kwa womanga. Milandu imeneyi imayenda bwino chifukwa injiniya amatha kuloza ndi chala pamene madzi akulowera: zenera loikidwa molakwika, denga lopanda chotchingira pamene likumana ndi khoma, makina oziziritsa mpweya amene sachotsa chinyezi. Boma la Martin County ku Florida linamanga nyumba ya khoti mumzinda wa Stuart, koma mu 1992 ogwira ntchito anasamutsidwamo chifukwa cha kudontha ndi chuku. Kampani yomanga ya Centex-Rooney inalamulidwa kulipira pafupifupi madola 14 miliyoni, ndipo khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu 1997. Cha m'ma 1995 ku Wilmington, North Carolina, kunapezeka nyumba zambirimbiri zowola mkati mwa makoma chifukwa cha pulasitala wamakono amene ankalola madzi kulowa koma osawalola kutuluka, ndipo eni nyumba anasumira pamodzi opanga pulasitalayo.

Mdani wamkulu apa ndi nthawi. Zigawo zambiri zimafuna kuti mwini nyumba alembere kaye womanga n'kumupatsa mpata woona ndi kukonza. Ku Texas kalatayo iyenera kupita masiku 60 mlandu usanalembedwe ku khoti. Palinso malire ena amene amawerengedwa kuchokera pamene nyumba inatha, kaya chilema chaoneka kaya sichinaoneke. Mu 2023 Florida inafupikitsa malirewa kuchoka pa zaka 10 kufika pa 7. Chuku chobisika kuseri kwa khoma chimatha kudikira zaka zisanu ndi zitatu chisanatulukire, ndipo pamenepo womanga amakhala atamasuka kale. Ndikuona kuti kufupikitsa kotere kumathandiza womanga mosasamala kuposa wina aliyense. England inapita mbali ina: lamulo la Building Safety Act la 2022 linatalikitsa nthawi yosumira womanga nyumba yosayenera kukhalamo kufika zaka 15 pa ntchito zatsopano ndi zaka 30 pa zomwe zinatha lamuloli lisanayambe. Ku South Africa nyumba yolembetsedwa ku bungwe loyang'anira omanga nyumba la NHBRC ili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu pa zolakwika zing'onozing'ono, chaka chimodzi pa kudontha kwa denga, ndi zaka zisanu pa zilema zikuluzikulu za chimango cha nyumba.

M'nyumba zosanjikizana madzi amatha kuchokera kwa wokhala pamwamba kapena pa denga ndi mapaipi a onse. Pamenepo woyankha mlandu ndi mnansiyo kapena komiti yoyang'anira nyumbayo, malinga ndi mmene malamulo a nyumbayo anagawira maudindo.

Pamene mwini nyumba ndiye woimbidwa mlandu

Mwini nyumba amene amachititsa lendi akhoza kukhala mbali inayo ya khoti, ndipo palibe nkhani imene ikuonetsa kulemera kwa udindowu kuposa ya Awaab Ishak. Mwanayu, wa ku Rochdale, kufupi ndi Manchester, anamwalira pa 21 December 2020, patangopita masiku asanu ndi atatu atakwanitsa zaka ziwiri. Makolo ake, ochokera ku Sudan, ankakhala m'nyumba ya bungwe la Rochdale Boroughwide Housing. Bambo ake anadandaula za chuku koyamba mu 2017 ndipo anauzidwa kuti apakepo penti. Mu November 2022 wofufuza za imfa Joanne Kearsley anagamula kuti mwanayo anafa ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba yachuku, yomwe inalibe njira zokwanira zotulutsira mpweya. Ogwira ntchito m'bungwelo ankaganiza kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo, mpaka kuganizira za kasambidwe kawo popanda kuwafunsa. Mkulu wa bungwelo anachotsedwa ntchito.

Kuloza chala wokhala m'nyumba, kuti amaphika kwambiri, amayanika zovala mkati, satsekula mazenera, ndi chizolowezi chakale, ndipo lamulo linkachithandizira. Mu 1985 khoti la apilo linaweruza pa mlandu wa Quick ndi khonsolo ya Taff-Ely ku Wales kuti chuku chobwera ndi nthunzi ya m'nyumba yomangidwa molakwika si kuwonongeka kumene landilodi akakamizidwa kukonza, ngakhale kuti zipinda zina zinali zosagoneka. Mpata umenewu unatsekedwa ku England ndi lamulo la 2018 lofuna kuti nyumba ya lendi ikhale yoyenera kukhalamo anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu March 2019. Kenako kunabwera lamulo lotchedwa dzina la Awaab. Kuyambira pa 27 October 2025, makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba ku England ayenera kufufuza dandaulo lalikulu la chinyezi ndi chuku pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, kulembera wokhalamo zomwe apeza pasanathe masiku atatu, ndi kuchotsa chiopsezocho pasanathe masiku asanu. Za mwadzidzidzi ziyenera kuchitidwa m'maola 24, ndipo ngati nyumba singakonzeke m'nthawiyo, banja lipatsidwe pokhala pena. Lamulo la Renters' Rights Act la 2025 linatsekula njira yoti zomwezi zidzafike kwa malandilodi wamba. Abale athu ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ku Britain, amene ambiri amakhala m'nyumba zakale zozizira, asamaope kudandaula polemba, ndipo khonsolo ya dera lawo ili ndi mphamvu yoyendera nyumba ndi kulamula landilodi kukonza.

Ku California, kuyambira January 2016, chuku chooneka ndi maso chili m'gulu la zinthu zochititsa nyumba kukhala yosayenera kukhalamo, kupatula chochepa cha m'malo ngati bafa. Landilodi wanzeru kulikonse amadziteteza ndi zomwe zija zimateteza wodandaula: kuyankha msanga, kupeza gwero la madzi, ndi kulemba zonse. Ngati wochita lendi anabisa kudontha kwa miyezi kapena anakana kutsekulira amisiri, makalata ndiwo adzanene.

Nanga kuno kwathu

Kuno nyumba zambiri zilibe inshulansi, ndipo makoma athu a njerwa ndi simenti sawola ngati mabolodi a ku Texas. Komabe chinyezi tili nacho chochuluka. Amene anabwerera m'nyumba zawo ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 anaona makoma akukhala onyowa kwa miyezi. Tilinso ndi vuto lathulathu: nyumba zomangidwa m'madambo a m'matauni, zopanda DPC, pepala lakuda lija loyala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, zopakidwa pulasitala ndi penti njerwa zisanaume, kenako n'kutsekedwa miyezi yambiri mwini wake ali ku Joni kapena ku Ulaya. Akabwera pa Khirisimasi amapeza siling'i yakuda, masuti ndi nsapato zili mbuu m'kabati, penti ikusupuka m'munsi mwa khoma.

Lamulo lathu la migwirizano limalola kusumira womanga amene wagwira ntchito mosasamala ndi wogulitsa amene wanama, ndipo lamulo la Limitation Act limapereka zaka zisanu ndi chimodzi pa milandu ya mgwirizano. Amene ali ndi inshulansi ndipo kampani yawakana angathe kudandaula ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank. Chimene chimatigwetsa n'chakuti ntchito ya mamiliyoni ambiri timaipereka pakamwa, ndalama n'kumatumiza pafoni kudzera kwa mlamu kapena msuweni, popanda pulani yosainidwa kapena mndandanda wa zipangizo. Pa khoti mmisiri amangoti munandiuza ndinu kuti tidumphe DPC ndalama zitachepa, ndipo palibe pepala lomutsutsa.

Makontilakitala akuluakulu, olembedwa m'kaundula wa bungwe lomwe ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC, amagwira ntchito pansi pa migwirizano imene mwini ntchito amasungako gawo lina la malipiro mpaka nthawi yoonera zolakwika itatha. Palibe chimene chikuletsa munthu womanga nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 kapena ku Chileka kuchita chimodzimodzi ndi mmisiri wake. Pepala limodzi likwanira: mtengo wonse, zipangizo zimene zidzalowe kuphatikizapo DPC ndi ngalande zochotsa madzi m'mbali mwa nyumba, zithunzi za gawo lililonse lisanakwiriridwe, ndi ndime yonena kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro lidzaperekedwa kumapeto kwa April, denga ndi makoma zitapirira dzinja lathunthu. Asainire onse awiri pamaso pa mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge kope yake.